Mmene ungapezere anzako a sayansi pa intaneti osagwa m'mbuna

Mu 2002, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, ankangokhala pakhomo chifukwa fizi inasowa pambuyo pa njala ija. Ankatola zitsulo zotayidwa, mapaipi ndi zipangizo za njinga, mpaka anaimika makina oyendera mphepo amene anayatsa babu m'nyumba mwawo. Ambiri pamudzipo ankamuyesa wopenga. Nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala mu 2006 inafalikira pa intaneti, ndipo anthu amene anali asanamuonepo n'kamodzi komwe anayamba kumufunafuna. Chaka chotsatira anali ku Arusha, ku Tanzania, akulankhula pamsonkhano wa TED. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Nkhaniyi ndimaifotokoza chaka chilichonse kwa ana a kalabu ya sayansi pasukulu ya sekondale yoyendera imene ndimaphunzitsa. Chimene chinakoka alendo aja ndi makina amene anali chilili kuseri kwa nyumba, oti aliyense n'kuwaona. Iwenso amene uli Fomu 2 kapena Fomu 3, ndipo m'kalasi mwanu mulibe wina amene mtima wake uli pa nyenyezi, mbalame, mawaya kapena chess ngati iwe, anzako alipo ndithu, kungoti ali kutali. Ukamawafuna, pakati pa iwe ndi mlendoyo pazikhala chinthu chimene nonse awiri mukuyang'ana. Chinthucho chikachoka pakati, maso a mlendo n'kutembenukira pa iweyo, dziwa kuti macheza aja asanduka zina.

1. Tchula chimene umakonda ndi dzina lake lenileni

Ukalemba kuti "ndimakonda sayansi", palibe angadziwe pokuyankhira. Tenga kope, lemba mafunso atatu amene amakusowetsa mtendere. Bwanji batire la sola la kwathu limatha magetsi 9 koloko isanakwane? Nyenyezi yowala ya mbandakucha ija, imene agogo amati Nthanda, imapita kuti miyezi ina? Nanga nantchengwa, kambalame kongofanana ndi nkhuku msinkhu, kamamangiranji chisa chachikulu chotere? Pafupi ndi funso lililonse lemba mawu ake a Chingerezi, chifukwa ndi amene udzafufuzire: charge controller, Venus, hamerkop. Mphunzitsi kapena dikishonale ya kulaibulale ikuthandiza pamenepa.

2. Uza wamkulu mmodzi, kenako konza foni

Apa ndi pamene ambiri amafuna kulumpha. Usalumphe. Sankha munthu mmodzi wosapsa mtima msanga, kaya ndi amayi, azakhali, achimwene ako aakulu kapena aphunzitsi a kalabu, ndipo uwaonetse kumene ukufuna kulowa. Tsiku limene zinthu zidzakhote, pakamwa pamalemera kwambiri ngati uyenera kuyamba waulula kuti unali ndi akaunti yobisa. Ngati foni ndi ya amayi ndipo umangobwereka madzulo, usadandaule nazo. Ana amene ndawaona akuyenda bwino pa zimenezi ambiri anayambira pa foni yobwereka, atakhala pakhonde aliyense akuwaona.

Malo ambiri, monga Facebook, WhatsApp, Discord ndi iNaturalist, salola munthu wosakwana zaka 13. Usadziwonjezere zaka polembetsa. Ukalemba kuti uli ndi zaka 22, wadzichotsa wekha pa chitetezo chimene malo ena amaikira ana.

Dzina la akaunti lichokere ku zimene umakonda, monga la mbalame kapena la nyenyezi. Lisakhale ndi dzina la bambo ako, la sukulu yanu kapena chaka chimene unabadwa. Tsegula imelo yoti izigwira ntchito imeneyi yokha. Pasiwedi ikhale yaitali, mawu anayi osagwirizana olumikizidwa pamodzi, ndipo bwenzi lako lapamtima nalo lisaidziwe. Pa WhatsApp lowa pa Settings, kenako Account, uyatse Two-step verification. Ukatero pita pa Privacy, pa Groups usankhe My contacts, kuti munthu wosamudziwa asamangokuponya m'magulupu.

3. Lowera pakhomo la nkhaniyo

Achinyamata ambiri amayambira m'magulupu a WhatsApp chifukwa bandulo yake ndi yotsikirapo mtengo. Koma ukalowa gulupu ya anthu mazana angapo, kawirikawiri nambala yako imaonekera kwa onsewo, ndipo aliyense angathe kukuimbira pakati pa usiku. N'chifukwa chake ndimati uyambire kumalo amene anakonzedwera ntchito inayake, kumene anthu amakambirana poyera, pansi pa chithunzi, funso kapena masewero.

Wokonda zamoyo apite pa iNaturalist. Umajambula chomera, kachilombo, bowa kapena buluzi, n'kuika pamenepo ndi tsiku ndi dera, ndipo anthu a m'maiko osiyanasiyana amathandizana kupeza dzina lake. Anthu awiri kapena kuposerapo akagwirizana pa dzina, chithunzi chako chimalowa m'nkhokwe imene ofufuza enieni amagwiritsa ntchito. Wa mbalame alinso ndi eBird, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Cornell Lab of Ornithology ku America. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo owerengera mbalame ambiri amaunjikana ku Liwonde, ku Nyika ndi ku Zomba. Dambo la kumudzi kwanu mwina palibe amene analilembapo.

Wa zakumwamba ayambe ndi Stellarium, pulogalamu imene imakuonetsa mayina a zimene zili kumwamba usiku umenewo ndipo imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha. Kenako aone Zooniverse, kumene anthu wamba amathandiza akatswiri kusanthula zithunzi zankhaninkhani: milalang'amba, kapena nyama zojambulidwa ndi makamera otchera ku Serengeti. Mu 2007, mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, akuyang'ana zithunzi pa Galaxy Zoo, imene lero ndi gawo la Zooniverse, anaona chibuluma chachilendo pafupi ndi mlalang'amba wina. Anafunsa poyera kuti ndi chiyani, akatswiri anazunguzika nacho, ndipo mpaka lero chimatchedwa ndi dzina lake, Hanny's Voorwerp.

Wofuna kuphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta ayambire pa Scratch ya ku yunivesite ya MIT ku America. Ndimaikonda pa chifukwa chimodzi chachikulu: ilibe mauthenga amseri, zonse zimalembedwa poonekera. Wa chess ali ndi Lichess, yaulere, yosadya bandulo kwenikweni, ndipo ili ndi Kid mode imene imatseka macheza n'kusiya masewero okha.

Bandulo imathera m'mavidiyo. Zithunzi uzijambula masana, n'kudzaziika zonse kamodzi pamene netiweki yakhazikika.

4. Yamba wakhala chete, kenako funsa bwino

Mlendo safika n'kuyamba kulongolola pabwalo. Kwa sabata imodzi ingowerenga. Werenga malamulo a pamalopo, ona amene amayankha moleza mtima, ona mafunso amene amayankhidwa ndi amene amangodutsidwa.

Funso loyankhidwa limaoneka chonchi: "Ndili ndi panelo ya 50 watts, batire la 12 volts ndi mababu atatu. Magetsi amatha pakangopita maola awiri. Ndayeza batire dzuwa litalowa, likuonetsa 12.1 volts. Chithunzi cha mmene ndalumikizira mawaya ndi ichi." Pamenepa waonetsa zimene uli nazo, zimene wayesa ndi pamene wakakamira. Munthu wodziwa za magetsi akaona funso lotere manja amamuyabwa. Koma "help me with solar pls" amangoliyang'ana n'kupitirira.

Chingerezi chisakuchititse manyazi. Ambiri mwa okuyankha nawonso anachiphunzira kusukulu, ku Brazil, ku India kapena ku Poland. Lemba ziganizo zazifupi basi. Yankho likachedwa usafulumire kukhumudwa: pamene kuno ili 7 koloko madzulo, ku India ili hafu pasiti 10 usiku, pomwe ku New York anthu ali pa nkhomaliro.

Ukayankhidwa, thokoza, kayese, ndipo ubwerenso kudzanena mmene zayendera, ngakhale zitakanika. Ambiri sabwerako. Amene amabwerako ndi amene dzina lake limakumbukika, ndipo ubwenzi weniweni umayambira pamenepo. Chimodzi chokha: malangizo okhudza magetsi a ESCOM, asidi wa m'batire, mankhwala osakaniza kapena kudya bowa amene wina wamutchula dzina pa chithunzi, usawayese usanafunse mphunzitsi maso ndi maso. Magetsi a m'nyumba ndi 230 volts ndipo amapha. Wokuyankha uja saona mawaya ako mmene alili.

5. Pita ndi kanthu m'manja

Ana athu ambiri amalowa m'malo amenewa ngati opempha, akuganiza kuti nzeru zonse zili kunja. Ndimatsutsa zimenezi mwamphamvu.

Chaka china mvula yoyamba itagwa, mtsikana wa Fomu 2 anabwera ku kalabu ndi foni ya amayi ake, galasi lake losweka pakona. Munali chithunzi cha gulugufe wausiku wamkulu ngati chikhatho, wamadontho onga maso pamapiko, amene anamupeza m'mawa atakakamira pakhoma la khitchini pansi pa babu. Tinachiika pa iNaturalist. Patapita masiku awiri munthu wina wa ku South Africa analemba kuti ndi wa banja la Saturniidae, n'kupempha chithunzi china choonetsa kukula kwake. Mtsikanayo anadikira sabata yathunthu kuti wina atere, ndipo anamujambula ataika kamtengo ka machesi pambali. Kenako anawonjezera yekha kuti kwa agogo ake anthu amatola mbozi zotchedwa matondo n'kuziyanika, ndipo anafunsa ngati pali ubale. Ubale unalipo, chifukwa matondo ndi ana a agulugufe a banja lomwelo. Tsopano mlendo uja ndi amene anayamba kufunsa: zimatoledwa mwezi wanji, m'mitengo yanji, amaziphika bwanji. Mtsikanayo anakhala milungu iwiri akuimbira agogo ake foni ndi kope m'manja.

Mayina a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao a mbalame ndi mitengo, nthawi imene ngumbi zimatuluka kwanu, nsomba za mbuna za m'miyala ya kunyanja, thambo lakuda bii la kumudzi kumene kulibe magetsi a mumsewu: zonsezi munthu wa ku London sangazipeze pawindo lake. Ukamapereka zotere, anthu amakutenga ngati mnzawo pa ntchito, ndipo munthu wodziwa kuti ali ndi chopereka sakopeka msanga ndi aliyense womulonjeza zinthu.

6. Yang'ana kumbuyo kwa chithunzi usanatumize

Chithunzi cha makina ako chingathe kuonetsanso baji ya yunifolomu, chikwangwani cha sitolo yoyandikana nanu kapena nkhope ya mng'ono wako. Dula zimenezo. Pa iNaturalist, chimene wajambula pakhomo usankhe Obscured pa malo ake, kuti anthu azingoona chigawo chachikulu cha makilomita pafupifupi 20 m'malo mwa nyumba yeniyeniyo. Kunena kuti uli ku Malawi, kapena kuti uli m'chigawo chapakati, n'kokwanira. Dzina la sukulu, njira imene umadzera poweruka, ndiponso zoti makolo ali ku Johannesburg ndipo umakhala ndi agogo okha, zimenezo ndi za m'nyumba.

7. Tsiku limene wina adzakupeze ku inbox

Lidzafika ndithu, ndipo si onse obwera kumeneko amene ali ndi mtima woipa. Yankho lako loyamba likhale limodzi kwa aliyense: "Zikomo. Tiyeni tipitirize kukambirana pagulu kuti enanso apindule." Munthu amene anabweradi chifukwa cha agulugufe kapena mawaya savutika nalo yankho limeneli. Wokwiya nalo, kapena wonyengerera kuti pagulu pali phokoso, wadziulula yekha.

Munthu wofuna kukola mwana sayamba ndi zolaula. Amayamba ndi kuyamikira, ndipo amadziwa pokanda. Amati ndiwe wanzeru kuposa msinkhu wako, aphunzitsi ako sakuona luso lako, makolo ako sangakumvetse ngati mmene iye akukumvetsera. Kwa mwana amene wakhala akusekedwa chifukwa chokonda mabuku, mawu amenewa amatsekemera ngati uchi. Kenako amatumiza mayunitsi kapena bandulo osapemphedwa. Kenako amati musamukire pa WhatsApp kapena Telegram. Mafunso a nyenyezi aja amayamba kuchepa, m'malo mwake kumabwera akuti umagona ndi ndani m'chipinda, uli ndi chibwenzi kapena ayi, wavala chiyani. Potsiriza amati zimenezi zikhale za awirinu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yodziyesera ndi yosavuta. Bwerera m'mbuyo, werenga mauthenga 20 omaliza, uwerenge kuti ndi angati amene akukamba za chinthu chimene munakumanirana. Akakhala ochepa, kapena ukaona kuti sungamasuke kuwawerenga mokweza amayi ako ali pomwepo, kaonetse wamkulu wako uja tsiku lomwelo. Izi zikukhudza anyamata chimodzimodzi. Akaunti ya mtsikana wokongola imene yangotulukira n'kuyamba kukukonda pakatha maola awiri, nthawi zambiri kuseri kwake kumakhala munthu wofuna chithunzi choti adzakuopseze nacho. Mawu kapena vidiyo si umboni wokwanira masiku ano, chifukwa makompyuta akutha kupeka nkhope ndi mawu omwe.

Msampha wina umatchera pa maloto ako enieniwo. Mnyamata wina wa kalabu yathu, wofunitsitsa udokotala, anapezedwa ndi munthu wodzitcha pulofesa amene anamulonjeza malo kuyunivesite ya kunja. Kalata inabwera ya chidindo chokongola. Panangofunika ndalama "zoyendetsera mapepala" zotumiza pafoni lisanafike Lachisanu. Amayi ake anagulitsa mbuzi. Ndalama zitangopita, nambala ija inazima. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'choti mwanayo anabisa nkhaniyi miyezi itatu chifukwa cha manyazi, ndipo magiredi ake anatsika tonse osadziwa chifukwa chake.

Choncho gwira izi. Thandizo lenileni la maphunziro silikupempha kuti utumize ndalama ku nambala ya munthu. Silikuthamangitsa ndi mawu akuti mawa kutseka pamene silikupezeka pa tsamba la sukuluyo. Usadine linki imene wapatsidwa. Lemba wekha dzina la sukuluyo pa Google, upeze tsamba lake, ufunse kumeneko. Za maphunziro a ku America, alangizi a EducationUSA amathandiza kwaulere. Usatumize chithunzi cha chiphaso chako, cha makolo kapena satifiketi kwa munthu wa ku inbox. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS usapatse aliyense, ngakhale atati anawatumiza molakwitsa, chifukwa ndiwo kiyi wa akaunti yako. Ndipo malonjezo a ntchito kunja uwaope kwambiri: amayi ambiri a ku Malawi amene anakazunzika ku Oman ngati antchito a m'nyumba anakopedwa ndi malonjezo okoma, ena a iwo kudzera pa Facebook.

8. Zikavuta

Ngati watumiza kale chithunzi chosayenera, kapena wina akukuopseza kuti aulula zinazake, mlandu ndi wa iyeyo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti komanso kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana.

Usalipire kalikonse, chifukwa wolandira kamodzi amabweranso. Usamuyankhe. Usafufute machezawo usanajambule screenshot ya mauthenga, dzina la akaunti ndi nambala yake. Ukatero muneneze kwa eni malowo podina Report, kenako umubuloke. Uza wamkulu wako usiku usanade. Pakamwa pakalemera, imba 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pita ku Victim Support Unit kupolisi ya kwanu. Palinso Take It Down, njira yaulere ya bungwe la NCMEC la ku America: imapanga chizindikiro cha chithunzicho pafoni pako pomwepo, chithunzi chenichenicho osachoka, ndipo malo monga Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito chizindikirocho pochitsekereza.

Inu makolo, mwana akabwera ndi nkhani yotere, chonde musayambe ndi kulanda foni kapena kukalipa. Mng'ono wake akuonerera, ndipo zikadzamugwera iye adzasankha kukhala chete.

9. Kulembera katswiri ndi kukumana maso ndi maso

Pakapita miyezi udzafuna kufunsa munthu amene ali kale pa ntchito imene umailota. Peza imelo yake pa tsamba la yunivesite kapena bungwe limene amagwirako ntchito, kaya ndi MUST ku Thyolo, LUANAR ku Bunda, Mzuzu University kapena kunja. Yamba ndi ulemu wake, Dokotala kapena Pulofesa, dzitchule kuti ndiwe wophunzira wa Fomu yakuti, nena chimene wachita kale, funsa funso limodzi lokha, ndipo uike imelo ya mphunzitsi wako kuti nayenso alandire kalatayo. Usapemphe laputopu kapena fizi. Ena sadzayankha chifukwa chotanganidwa. Dikira milungu itatu, lembera wina. Wokonda ma drone adziwe kuti African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, choncho mafunso ena ali ndi owayankha kuno komwe.

Mnzako wa pa intaneti akafuna kuti muonane, zichitikire pa chochitika cha gulu, masana, wamkulu wako ali nawe: mpikisano wa chess, chionetsero cha sayansi, kapena ulendo wa kalabu ya Wildlife and Environmental Society of Malawi. Ndalama ya minibasi yobwerera ikhale m'thumba mwako, ndipo galimoto yake usakwere.

Ngati ukusowa tsiku loyambira, chaka chilichonse mu May eBird imakhala ndi Global Big Day, pamene anthu padziko lonse amawerenga mbalame tsiku limodzi, ndipo lina lotere limachitika mu October. Pangana ndi anzako awiri ndi aphunzitsi, mudzuke 5 koloko, mupite kudambo ndi kope ndi pensulo, mulembe mbalame iliyonse imene mwaiona kapena kuimva kwa ola limodzi. Zimene simukuzidziwa mayina muzijambule, madzulo mukazifunse pagulu.